Ojambula aja amati ma impressionist: nanga bwanji alikonso a ku Australia, a ku Denmark, a ku California?

Mu May 2019 ku New York, pa okushoni ya Sotheby's, munthu wina analipira madola 110.7 miliyoni pa chithunzi chimodzi chojambula ndi penti. Pachithunzipo palibe mfumu, palibe nkhondo, palibe olo munthu mmodzi. Pali milu ya tirigu yosanjidwa m'munda, ngati mikukwe ya chimanga tikamaliza kudula, dzuwa likupendeka kumadzulo basi. Anajambula ndi Claude Monet wa ku France mu 1890. Ukamva zimenezi n'kuyamba kusaka pa intaneti kuti ameneyu anali ndani, umapeza mawu oti impressionist, nde ukapitiriza ndi pomwe mutu umazungulira, chifukwa mawu omwewo akuwamatanso pa anthu a ku Melbourne, pa anthu a m'mudzi wa asodzi ku Denmark, pa anthu a ku Laguna Beach ku California, ena mwa iwo oti Paris sanamuonepo pomwe ankajambula zithunzi zawo zotchukazo. Kodi ndi gulu limodzi? Ankaonerana? Kapena dzinali langokhala ngati chikwangwani chokwezera mtengo?

Titenge mawu amodziamodzi. Chitsanzo chachikulu nditenga cha ku Australia chifukwa nkhani yake ili ndi madeti omveka komanso mikangano yake ikadalipo mpaka lero.

Dzina lomwe linayamba ngati chipongwe

M'zaka za m'ma 1800 ku France, wojambula ofuna kudya ndi luso lake ankayenera kudutsa pa chionetsero cha boma chotchedwa Salon. Kunali oweruza, nde oweruzawo ankakonda zithunzi zikuluzikulu za nkhani za m'Baibulo, za milungu ya Agiriki kapena za mbiri, zosalala bwinobwino osaoneka pomwe bulashi yadutsa. Akakukana, chaka chimenecho makasitomala sakuona.

Pa 15 April 1874 gulu la ojambula pafupifupi 30 linatsegula chionetsero chaokha mu situdiyo yakale ya wojambula ndi kamera wina dzina lake Nadar, ku Paris. Munali Monet, Renoir, Pissarro, Sisley, Degas, Cézanne ndi mayi mmodzi wodziwika, Berthe Morisot. Monet anaikapo chithunzi cha doko la Le Havre m'mamawa kuli nkhungu, anachitcha Impression, soleil levant. Mawu oyambawo tinganene kuti ndi chomwe diso lagwira poyang'ana koyamba, usanayambe kuwerenga kuti mabwato alipo angati. Mtolankhani wina, Louis Leroy, anatola mawu omwewo n'kuwaseka nawo m'nyuzi ya nthabwala ya Le Charivari, kutanthauza kuti izi ndi zosamaliza. Dzinalo linakakamira ngati maina opatsana kusukulu aja, loyamba umakwiya nalo, mapeto ake ukuliyankha wekha. Anachita zionetsero 8, chomaliza mu 1886.

Kufanizira kosavuta ndi uku. Muli mu basi, mwadutsa pamsika wa m'mbali mwa msewu, simunaime. Wina akakufunsani mwaona chani munena kuti kufiira kwa tomato, zitenje, fumbi, dzuwa likung'anima pa malata. Nkhope za ogulitsa simunazione, koma simunganene kuti simunaone msika. Chimenecho ndi chomwe ankafuna kuika pachinsalu.

Kujambulira panja

Mukamawerenga za anthu amenewa mukumana ndi mawu achifalansa oti plein air, tanthauzo lake ndi panja basi, pamtetete. Kale ojambula ankapita kutchire kukalemba tizithunzi ta pensulo kapena ta penti pang'ono, koma chithunzi chenicheni chogulitsa ankakachipangira m'nyumba, mu situdiyo ya windo limodzi lalikulu, kuwala kwake kosasinthasintha. Oyamba kulimbikira kukhala panja ku France anali a m'mudzi wa Barbizon pafupi ndi nkhalango ya Fontainebleau, kuyambira m'ma 1830, nde Monet iyeyo anamukokera panja ndi Eugène Boudin ku gombe la Normandy akadali mnyamata.

Koma apa pali chinthu chomwe anthu amachiiwala chifukwa sichimveka ngati luso: zipangizo. Kale penti wamafuta ankamusunga m'chikhodzodzo cha nkhumba chomanga kukamwa, ukafuna penti umabowola ndi kamsomali, nde ukabowola wayamba kuuma, pena kuphulikira m'chikwama. Mu 1841 John Goffe Rand, wa ku America koma akukhala ku London, anapanga kachubu kachitsulo chofewa kofinya, ngati ka mankhwala otsukira mano kaja. Kuyambira pamenepo munthu amatha kunyamula mitundu khumi m'kabokosi n'kukwera nayo phiri. Nthawi yomweyo akatswiri a makemiko anali atatulutsa mitundu yatsopano yowala, mabuluu, achikasu, magirini, yomwe kale inali yodula kapena kunalibe. Kenako sitima ya pamtunda. Ochokera ku Paris amakwera pa siteshoni ya Saint-Lazare m'mawa, pasanathe ola ali m'mbali mwa mtsinje wa Seine ku Argenteuil, madzulo abwerera.

Chenjezo pang'ono: musamve kuti panja n'kuganiza kuti chilichonse chinathera panja. Monet yemwe, milu ya tirigu ija anajambula zithunzi pafupifupi 25 za milu yomweyomweyo m'nyengo zosiyana, ankasinthasintha zinsalu kuwala kukasintha, komabe ankakazimalizira mu situdiyo kuti zigwirizane. Nde "kujambulira panja" ndi mawu otambasuka, ena amayambira panja, ena amamalizira konko, ena amasakaniza.

Kuwala, komanso chifukwa chake mthunzi si wakuda

Apa nde pamtima pa nkhani yonse, tichedwepo.

Amene anagulako chitenje m'shopu ya magetsi a chubu akudziwa. Mkatimo chimaoneka buluu wakuda, ukatuluka nacho pakhomo chasanduka pepo, nde chifukwa chake amayi odziwa kugula amati dikirani ndikachionere panja. Chitenjecho sichinasinthe, chasintha ndi kuwala komwe kukuchigunda. Ma impressionist anatenga mfundo yomweyi n'kuifikitsa patali: chinthu chilibe mtundu umodzi wokhazikika womwe ungauloweze pamtima. Udzu si "girini" nthawi zonse, 6 koloko m'mawa ndi wina, masana ndi wina, dzuwa likamalowa ndi wina. Amene anakhalako tsiku lonse kunyanja akudziwa kuti madzi omwewo amatha kukhala otuwa, abuluu, obiriwira ndi ofiirira tsiku limodzi.

Za mthunzi ndi izi. Malo omwe dzuwa silikufika mwachindunji sakhala mumdima, amawalitsidwa ndi thambo, nde thambo ndi labuluu. Chifukwa chake mthunzi wa mtengo pa khoma loyera kapena pa mchenga umakhala ndi kabuluu kapena kapepo mkati. Ojambula a mu situdiyo ankazolowera kuthira bulawuni kapena wakuda pamthunzi, awa anayamba kuthira buluu ndi pepo, anthu n'kumati apenga maso. Panalinso buku la wasayansi Michel-Eugène Chevreul la mu 1839 lofotokoza kuti mitundu iwiri ikagundana imasinthana maonekedwe, mwachitsanzo olenji pambali pa buluu onse amaoneka owala kuposa akakhala paokha. Nde m'malo mosakaniza penti mpaka asalale, ankaika timadontho ndi timizere tosiyana mitundu moyandikana, diso la woonera lizisakaniza lokha. Ukayandikira pafupi umangoona matope a penti, ukabwerera m'mbuyo masitepe atatu mtsinje uja watulukira.

Kuthamanga kwa bulashi kukuchokeranso pomwepa. Sikuti anali aulesi kapena samatha kusalaza, ambiri anaphunzira bwinobwino kusukulu za luso. Vuto ndi loti kuwala komwe ukukuthamangitsa kumakhala mphindi 20 kapena 30, mtambo ukadutsa zatha.

Tsopano taganizani: ngati chomwe ukujambula ndi kuwala osati mtengo, nde ukasamuka dziko zithunzi zako zikuyenera kusintha olo njira yako ikhale yomweyo. Nde chifukwa chake ojambula a ku Australia, ku Denmark kapena ku California amatchedwa ma impressionist "a m'chigawo", kutanthauza a m'madera akwawo kunja kwa France.

Zomwe zinachitika ku Melbourne

Azungu oyamba kujambula malo a ku Australia ambiri anabwera ndi maso a ku Ulaya. Eugene von Guérard ankajambula mosamala tsamba lililonse ngati mapu, ena ankajambula mitengo ya kumeneko n'kumaoneka ngati ya ku England, yobiriwira kwambiri, mthunzi wake wothithikana. Koma mtengo waukulu wa ku Australia tonse timaudziwa, ndi bulugamu, kwawo kwenikweni ndi kumeneko, kuno anachita kubwera nawo. Amene anayesako kubisala dzuwa pansi pa bulugamu akudziwa kuti mthunzi wake ndi wachabechabe, masamba amalendewera choloza pansi, dzuwa limadutsa, mtundu wake ndi girini wotuwa, khungwa limasupuka kusiya thunthu loyera. Onjezerani mpweya wouma, udzu wopsa ndi dzuwa, komanso dzuwa lokwera pamwamba kuposa la ku Paris. Ukajambula malo otero ndi mitundu ya ku England umanama olo mawonekedwe a mtengowo uwakhonze.

Mu 1885 Tom Roberts anabwerera ku Melbourne atakhala zaka zingapo akuphunzira ku London ndi kuyendayenda ku Ulaya. Iye, Frederick McCubbin ndi Louis Abrahams anakhoma tenti ku Box Hill, kunja kwa tauni komwe sitima inali itangofika zaka zochepa m'mbuyomo. Anali anthu a ntchito zawo mkati mwa sabata, Roberts ku situdiyo ya makamera, McCubbin anakulira mu bekale ya kwawo kenako n'kukhala mphunzitsi wa zojambula, nde kutchire amapita pa wikendi. Kenako anakumana ndi mnyamata Arthur Streeton akujambula kugombe ku Mentone, mu 1888 kunabwera Charles Conder kuchokera ku Sydney, ndipo chaka chomwecho Streeton anapatsidwa nyumba yakale ya pafamu ku Eaglemont, pafupi ndi Heidelberg, kuti azikhalamo. Heidelberg ameneyu ndi dera la ku Melbourne, osati mzinda wa ku Germany uja, ambiri amasokonezeka pamenepa. Dzina loti Heidelberg School anayambitsa ndi wolemba za luso Sidney Dickinson mu 1891, nde si sukulu ya makalasi ayi, ndi gulu la anthu ojambula mofanana.

Pa 17 August 1889 anatsegula chionetsero chomwe chinawatchukitsa, 9 by 5 Impression Exhibition, mu Buxton's Rooms pa Swanston Street. Zithunzi zinalipo 183, zambiri zojambulidwa pa zivindikiro za mabokosi a ndudu zikuluzikulu zija za mabwana, kukula kwake mainchesi 9 kwa 5, kapena kuti masentimita 23 kwa 13, ngati envulopu. Zivindikirozo amabweretsa ndi Abrahams chifukwa kwawo amapanga bizinesi ya ndudu. Ine chimandisangalatsa ndi chimenechi, kuti chionetsero chomwe lero chili m'mabuku a sukulu ku Australia chinapangidwa pa zinyalala za fakitale. James Smith wa nyuzi ya The Argus, yemwe mawu ake amalemera kwambiri nthawi imeneyo, analemba kuti zinayi mwa zisanu zilizonse ndi zopweteka m'maso. Anyamatawo anatenga nkhaniyo n'kuimata pakhomo lolowera, anthu n'kumalowa ambiri kudzaona zopweteka m'masozo, kenako anamuyankha ndi kalata m'nyuzi yomweyo, mfundo yawo inali yoti kuwala kumakhala kwa kanthawi, theka la ola silifanana ndi linzake, nde amene akujambula kulowa kwa dzuwa masiku awiri otsatizana pachinsalu chimodzi akujambula za m'mutu mwake.

Chaka chomwecho Streeton anajambula Golden Summer, Eaglemont, chigwa chachikasu, nkhosa, mnyamata woweta, mithunzi italiitali ya pepo ndi mapiri abuluu kutali. Anali ndi zaka 21. Chithunzichi chinakaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha Royal Academy ku London mu 1891 ndi ku Salon ya ku Paris mu 1892, ndipo mu 1995 National Gallery of Australia inachigula madola a ku Australia 3.5 miliyoni. Gululo silinakhalitse pamodzi, Conder anapita ku Ulaya mu 1890, chuma cha Melbourne chinagwa m'zaka zotsatira, Roberts ndi Streeton anasamukira ku Sydney n'kukakhalanso m'matenti ku Sirius Cove.

Kwina mwachidule

Ku Denmark kunali Skagen, mudzi wa asodzi kunsonga ya kumpoto komwe nyanja ziwiri zimakumana. Kumeneko vuto silinali dzuwa lowotcha, kunali madzulo a chilimwe ochedwa kuda, nthawi yomwe nyanja ndi thambo zimasungunukirana kukhala buluu mmodzi. P.S. Krøyer anafikako mu 1882 n'kupeza Michael Ancher ndi mkazi wake Anna Ancher, yemwe anali mbadwa ya pamudzipo. Ku California, Guy Rose anakhalako zaka ku Giverny, mudzi wa Monet, asanabwerere kwawo, ndipo William Wendt ndi anzake anali mu Laguna Beach Art Association yomwe inayamba mu 1918, nthawi yoti ku Paris wojambula wotchuka Picasso anali atayamba kale njira zina zatsopano. Chodabwitsa, mtengo womwe ankaujambula kwambiri mpaka owanyoza n'kuwatcha gulu la bulugamu unali womwe uja wochokera ku Australia. Pafupi ndi kuno, ku South Africa, Hugo Naudé wa ku Worcester amatchulidwa pa zithunzi zake za maluwa a ku Namaqualand.

Pomwe akatswiri sagwirizana

Funso loyamba ndi la dzina lenilenilo. Ena amati a ku Melbourne sanali ma impressionist m'njira ya Monet. Streeton anakaponda ku Ulaya koyamba mu 1897, zithunzi zake zotchuka zitajambulidwa kale, ndipo Roberts zambiri anatengera kwa Whistler ndi Jules Bastien-Lepage, ojambula omwe mitundu yawo inali yofatsa osati timadontho towala. Chithunzi cha Roberts chodziwika kwambiri, Shearing the Rams cha mu 1890, amuna akumeta nkhosa m'shedi, anachikonzekera nyengo ziwiri zometa nkhosa ndi tizithunzi tambirimbiri, palibe chothamanga pamenepo. Amati ngati mukufuna wa ku Australia yemwe anajambuladi ngati Monet ndi John Russell, yemwe anakumana ndi Monet pachilumba cha Belle-Île mu 1886 komanso anajambula nkhope ya wojambula mnzake Van Gogh, koma ameneyo anakhala zaka zambiri ku France akujambula nyanja ya ku France. Mbali inayo imayankha kuti mawu oti impression anawasankha okha mu 1889, kuti ku London nthawi imeneyo mawuwo amatanthauza kujambula mwachangu zomwe diso lagwira, komanso kuti kuyeza aliyense ndi muyeso wa Paris ndi kuganiza kuti luso lili ndi likulu limodzi ena onse ndi nthambi. Za Skagen mkangano wake ndi womwewo, ambiri amawaika m'gulu la ojambula moyo wa anthu mmene ulili. Pakati apo palinso nkhani ya msika, chifukwa nyumba zosungira zithunzi zimadziwa kuti mawu oti impressionist amadzadza holo, National Gallery ya ku London inatcha chionetsero chake cha mu 2016 Australia's Impressionists. Kodi dzinalo likufotokoza zithunzi kapena likugulitsa matikiti, kapena zonse?

Lachiwiri ndi la dziko. Zithunzizi zinatuluka pomwe madera a ku Australia olamulidwa ndi Britain anali kukonzekera kugwirizana kukhala dziko limodzi, zomwe zinachitika mu 1901, nde udzu wagolide ndi thambo labuluu zinasanduka nkhope ya dziko latsopanolo, zili m'makalenda ndi m'makalasi. Koma malo a Box Hill ndi Heidelberg ndi a anthu a Wurundjeri, eni nthaka omwe azungu anawapeza, omwe anali atachotsedwapo zaka makumi ochepa m'mbuyomo, ndipo m'zigwa zokongolazo simuwaona. Nthawi yomweyomweyo mtsogoleri wawo William Barak anali ku Coranderrk, malo omwe boma linawapatulira osati kutali kwambiri, naye akujambula miyambo ndi magule a anthu ake ndi makala ndi dothi la mitundu mpaka anamwalira mu 1903. Ena amati zithunzi za Heidelberg zinathandiza kufalitsa maganizo oti malowo anali opanda eni. Ena amati wojambula amajambula chomwe chili patsogolo pake, anthuwo anali atasamutsidwa kale ndi boma osati ndi bulashi, komanso Roberts anajambulako nkhope za eni nthaka m'zaka za m'ma 1890. Nde nyumba yosungira zithunzi ipange bwanji, izipachika Streeton payekha, kapena pambali pa Barak, kapena ingosintha mawu a pa kachikwangwani ka pansi?

Lachitatu ndi amayi. Jane Sutherland ndi Clara Southern ankajambula malo omwewo ndi anthu omwewo, koma mwambo wa nthawiyo sumawalola kugona kumatenti, amabwera masana n'kubwerera pa sitima, zithunzi zawo zimagulidwa motchipa ndipo mabuku akale amangotchula amuna anayi, Roberts, McCubbin, Streeton ndi Conder. Zionetsero za posachedwa, monga cha ku National Gallery of Victoria mu 2021, zawabwezeretsa pakhoma. Chomwe sichinathe ndi choti kodi kungowonjezera maina awiri atatu pa nkhani yakale yomweyo kukukwana, kapena nkhani ya anyamata a m'tenti njomwe ikufunika kuyambidwanso.

Kenako pali lomwe limandivuta ine, la kuwala komweko. Anthu a ku Australia amati Streeton anali woyamba kuona kuwala kwenikweni kwa dziko lawo. Zina zimayezeka, kukwera kwa dzuwa, kuuma kwa mpweya, mtundu wa masamba. Koma Melbourne amakhalanso ndi miyezi ya mvula, mitambo ndi kuzizira, McCubbin anajambula nkhalango zakuda za chifunga zomwe nazonso ndi Australia yemweyo, chikhalirecho chomwe chinasankhidwa kukhala "kuwala kwa dziko" ndi chilimwe chagolide. Anasankha ndani, ojambula, ogula, kapena aphunzitsi omwe anapachika makope ake m'makalasi? Nanga munthu wa ku Melbourne lero akaima paphiri n'kunena kuti kukuoneka ngati chithunzi cha Streeton, akuona dzuwa kapena akuona chithunzi chomwe anakula nacho?